Denga likakalamba, malata okha si mankhwala

Mvula ya usiku amaidziwa bwino ndi anthu ogona m'nyumba yodontha. Dontho loyamba limagwera pabulangete, lachiwiri pamphumi pa mwana, ndipo posakhalitsa banja lonse lili chilili. Wina akuwunikira ndi tochi ya foni, wina akukoka mphasa, wina akutchera beseni, pomwe mayi akukankhira matumba a chimanga pakona pomwe padakali pouma. Kukacha bambo amakwera padenga ndi phula kapena chidutswa cha pulasitiki n'kupsinjapo njerwa ziwiri. Mvula yotsatira ikabwera, madzi amapeza njira ina.

Akuluakulu amakumbukira kuti Dr Hastings Kamuzu Banda ankakonda kubwereza pamisonkhano zinthu zitatu zomwe ankafunira anthu ake: chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba yosadontha. Chachitatuchi chikuvutabe mpaka lero. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 36 mwa 100 zilizonse m'Malawi zinali za dothi zofolera ndi udzu, ndipo mu 2014 boma la Peter Mutharika lidayambitsa ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo. Kumudzi, kufolera ndi malata ndi chizindikiro choti pakhomo zinthu zayamba kuyenda. Koma nalo denga la malata limakalamba, ndipo lambiri limakalamba msanga chifukwa cha momwe lidakhomedwera.

Lata ndi chitsulo chopyapyala chokutidwa ndi zinki, ndipo zinkiyo ndi amene amaletsa dzimbiri. Akangopalika, chitsulo chimakhala pambalambanda. N'chifukwa chake dzimbiri limayambira pamabowo a misomali, polumikizana malata, pomwe pamaunjikana masamba a mango, komanso pansi pa miyala, njerwa ndi matayala omwe anthu amasanja padenga poopa mphepo. Dzuwa nalo limachita mbali yake. Masana a mu Okutobala lata limafutukuka ndi kutentha, usiku n'kubwerera, ndipo kusuntha kwa tsiku ndi tsikuko kumakulitsa bowo ndi kukwezula msomali pang'onopang'ono.

Kuyeza denga sikufuna chipangizo. M'nyumba yopanda siling'i, munthu atseke zitseko ndi mawindo dzuwa lili paliwombo, kenako ayang'ane kumwamba. Ngati akuona timabowo tiwiri kapena titatu tikuwala, kusintha misomali kapena lata limodzi n'kokwanira. Ngati denga lonse likuthwanima ngati nyenyezi, nthawi yoika zigamba idadutsa. Akatero agogode mapaso ndi mitanda ndi chigwiriro cha mpeni. Thabwa lolira ngati ng'oma, ufa wa mtengo wogwera pansi, kapena kanjira ka dothi kokwera khoma zikutanthauza kuti chiswe kapena anankafumbwe adafika kale. Kunja, msana wa denga ukawerama pakati ngati bulu wolemedwa, vuto lili m'matabwa.

Apa ndi pomwe mabanja ambiri amataya ndalama. Mtima wonse umakhala pa malata chifukwa ndiwo amaoneka kumsewu, ndipo mmisiri akanena kuti mapaso afumbwa, yankho limakhala loti akhomerepo choncho, zina tiona chaka chamawa. Msomali wokhomedwa m'thabwa lofumbwa sugwira kanthu. Lata latsopano limangokhala ngati chipewa chosamanga, kudikira mphepo. Matabwa a paini, ambiri ochokera ku Chikangawa, ndi mitengo ya bulugamu ndizo zimagwiritsidwa ntchito kwambiri, koma ziyenera kukhala zouma. Thabwa laliwisi limapindika pouma n'kukoka lata. Lisanakwere padenga lipakidwe mankhwala oteteza ku chiswe mbali zonse, makamaka kumapeto komwe lachekedwa. Ambiri amapaka oyilo wakutha wa galimoto chifukwa ndi wosavuta kupeza, ngakhale mphamvu yake siyifika pa mankhwala enieni.

Pogula malata, mawu oyamba kumva kusitolo ndi geji. Pali geji 28, 30 ndi 32, ndipo nambala ikamakwera lata limapyapyala. Geji 32 ndi yotsika mtengo, koma imabonyoka munthu akapondapo ndipo imang'ambika msanga pamsomali. Amene sangakwanitse geji 28 nyumba yonse angachite bwino kufolera chigawo chimodzi chaka chino ndi malata olimba kusiyana ndi kumaliza nyumba yonse ndi opyapyala. Wogula apite ndi mmisiri wake kuti agwire latalo ndi manja, chifukwa si ogulitsa onse amene amanena zoona za geji.

Chaka chilichonse mvula ikamayamba, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA imalengeza za nyumba, sukulu ndi matchalitchi zomwe madenga ake asasuka ndi mphepo. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 adasiya mabanja ochuluka kuchigawo cha kummwera opanda pogona. Aliyense amene adaonapo denga losasuka adzakumbukira kuti nthawi zambiri siliuluka lata limodzilimodzi. Limanyamuka lonse, malata ndi matabwa omwe, n'kukagwera m'munda mwa mnansi. Mphepo imalowa pansi pa mlomo wa denga ndi m'makona n'kukankhira m'mwamba, ndipo ngati matabwa adangosanjikidwa pakhoma, palibe chowagwira.

Chogwira denga ndi waya wokhuthala kapena lamba wachitsulo womangidwira m'khoma, mizere ingapo ya njerwa kuchokera pamwamba, n'kukulunga mtanda uliwonse. Ndi chinthu chotsika mtengo poyerekeza ndi lata, koma ndicho chimaiwalika kawirikawiri. M'nyumba yakale yomwe mulibe wayayu, mmisiri aboole khoma n'kumudutsitsa denga latsopano lisanakwere. Kapangidwe nako kali ndi gawo: denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri, ndipo khonde lalitali ndi bwino likhale ndi denga lakelake, kuti likasasuka lisakokere nyumba yonse.

Pokhoma, mmisiri wodziwa ntchito amaoneka ndi tinthu ting'onoting'ono. Malata wamba amawakhoma pamsana pa mzere, osati m'ngalande momwe mumayenda madzi, ndipo amagwiritsa ntchito misomali ya chipewa. Sapanikiza mpaka lata kubonyoka. M'mbali amasanjikiza mzere umodzi ndi theka, kumapeto masentimita 15 mpaka 20, ndipo amayambira mbali yomwe mphepo imapita, osati yomwe imachokera, kuti polumikiza pasayang'anane ndi mvula yowomba. M'mphepete ndi pamsonga amachulutsa misomali. Mmisiri wofuna kupulumutsa lata limodzi pochepetsa kusanjikiza wagulitsa nyumba yonse kwa mvula, ndipo mwininyumba asalole zimenezo ngakhale ndalama zitachepa.

Denga la udzu lili ndi malamulo ake. Tsekera amamwetedwa atakhwima, moto wolusa usanadutse m'tchire, ndipo amafuna denga lotsetsereka kwambiri kuti madzi asakhazikike. Pulasitiki yakuda yomwe ambiri amayala pansi pa udzu imathandiza, koma udzu ukachepa pamwamba dzuwa limaiphwanya nyengo imodzi yokha. Nyumba zina zakale, makamaka m'matauni, zidafoleredwa ndi asibesitosi. Fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda oopsa patapita zaka, choncho pochotsa anyowetsedwe, asaswedwe kapena kuchekedwa, ndipo zidutswa zake ana asaseweretse.

Nkhani ya ndalama ndi yowawa. Chitsulo cha malata chimachokera kunja, motero kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo idakwera nthawi yomweyo. Mabanja ambiri amagula malata awiri kapena atatu akagulitsa fodya, soya kapena mtedza, n'kumasunga mpaka akwane. Nzeru imeneyi ndi yabwino, koma kasungidwe kake kamaononga. Malata osanjikizana pansi pachinyezi amachita mawanga oyera, omwe ndi zinki akudyeka, ndipo feteleza wosungidwa m'chipinda chomwecho amafulumizitsa dzimbiri. Aikidwe pamitengo, pouma, kutali ndi matumba a feteleza. Malata akale omwe akadali olimba asatayidwe, chifukwa amafolera khitchini, bafa kapena khola la mbuzi.

Denga lodontha limadya zambiri kuposa tulo. Masiku ano ambiri amasunga chimanga m'nyumba poopa akuba, ndipo thumba likanyowa limachita chuku, chomwe ndi choopsa kwa anthu ndi ziweto. Madzi otsikira m'khoma la zidina amalifewetsa mpaka kugwa, ndipo akafika pa mawaya a magetsi akhoza kuyambitsa moto.

Ntchito yofolera imafuna miyezi ya Juni mpaka Sepitembala, pomwe matabwa amauma bwino, amisiri sali pampanipani, ndipo nyumba ikhoza kugona yosafolera usiku umodzi kapena uwiri popanda mantha. Chizimalupsa chikagwa, aliyense amathamangira mmisiri mmodzi yemweyo ndipo ntchito imachitika mothamanga. Eninyumba omwe adatchera mabeseni dzinja lapitali aitane mmisiri dzuwa lidakalipo, ndipo asanafunse mtengo wa malata, ayambe amuonetsa matabwa ndi waya.