Woyendera nyumba samaliza kuphunzira

M'maboma a Tsangano ndi Macanga nyumba zasintha kwambiri. Nkhondo itatha ndi pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992, anthu ambiri amene anathawira ku Malawi anabwerera kwawo. Anapeza midzi yawo itasanduka chire. Poyamba anamanga nyumba za mitengo ndi dothi, nazifolera ndi udzu. Patapita zaka, alimi a mbatata ya kacewere ndi tirigu ku Tsangano, ndi alimi a fodya ku Macanga, anayamba kuumba njerwa ndi kugula malata. Lero ku Furancungo, ku Chidzolomondo ndi ku Ntengo-wa-Mbalame timaona nyumba zambiri za njerwa zowocha ndi za mabuloko a simenti.

Nyumba yotere imadya ndalama za zokolola za zaka zingapo. Ikamangidwa molakwika, mphepo ya usiku umodzi imasasula denga lonse, ndipo khoma lingagwere anthu ali mtulo. Pa cifukwa ici pamafunika munthu wodziwa kuona ngati nyumba ili yolimba kapena ayi. M'phunziro lino tiona nchito ya munthu ameneyu, ndi cifukwa cake ayenera kubwerera ku maphunziro ngakhale atakula.

Kodi woyendera nyumba ndani?

Woyendera nyumba ndi mmisiri amene nchito yake ndi kuyang'ana zimene amisiri anzake amanga. Pa Cipwitikizi amachedwa fiscal. Pa boma lililonse pali ofesi yoona za zomangamanga, yochedwa Serviço Distrital de Planeamento e Infra-estruturas, mwacidule SDPI. Amisiri a ofesi imeneyi amayendera masukulu, zipatala, misika ndi nyumba za aphunzitsi pamene zikumangidwa. Kumudzi, mwini nyumba kawirikawiri amaitana mmisiri wamkulu wodalirika kuti adzaone nchito asanalipire womanga.

M'maiko ena, monga ku Estados Unidos, munthu wofuna kugula nyumba amalipira woyendera kuti aiyang'ane kuyambira pansi mpaka kudenga. M'zigawo zambiri za dzikolo woyendera amagwira nchito ndi cikalata ca boma, ndipo cikalataco cikatha masiku, samupatsa cina ngati sanakaphunzirenso. Lamulo limeneli lili ndi nzeru yothandiza kwathu kuno.

Kodi amayang'ana ciyani?

Amayamba ndi malo. Dothi lakuda la kudambo limafufuma nthawi ya mvula ndi kung'ambika m'cilimwe, ndipo limang'amba nyumba yokhala pamwamba pake. Ku Tsangano kuli mapiri ndi zitunda. Nyumba ya pamtsetse imafuna ngalande kumtunda kwake, kuti madzi a mvula asamakumbe maziko. Cimbudzi cikhale kumunsi kwa citsime, pa mtunda wosacepera mamita 30.

Kenaka amayang'ana zipangizo. Amatenga njerwa ziwiri ndi kuzigundanitsa. Njerwa yopsa bwino imalira ngati mbiya yowocha, koma yosapsa imangoti phu. Mcenga amauyesa m'botolo. Amathira mcenga ndi madzi, amakhuchumula, ndi kusiya botololo kuti zidikhe. Mcenga umakhala pansi, ndipo matope amakhala pamwamba pake. Matope akaculuka, mcengawo suyenera kusakanizidwa ndi simenti. Thumba la simenti limalemera makilogalamu 50. Likakhala ndi zibuma zolimba zosafumbutuka m'manja, ndiye kuti linalowa cinyezi ndipo mphamvu yake yacepa.

Pa khoma amagwiritsa nchito cingwe cokhala ndi kacitsulo kolemera kunsonga, cochedwa prumo. Cingweci cimaonetsa ngati khoma laima cilili kapena lapendekeka. Pa ngodya amacita masamu amene inunso mungacite. Amayesa masentimita 60 pa khoma limodzi ndi masentimita 80 pa khoma linalo, kuyambira pangodyapo. Pakati pa zizindikiro ziwirizo payenera kukwana masentimita 100. Pakapanda kukwana, ngodyayo njokhota, ndipo malata sadzakhala bwino.

Amayang'ananso ming'alu. Mng'alu woonda ngati tsitsi pa pulasitala siwoopsa. Koma mng'alu wokwera ngati masitepe motsata mizere ya njerwa, kapena wocokera pa ngodya ya zenera, umasonyeza kuti maziko akutitimira mbali imodzi. Woyendera amamata kasimenti pamng'alupo ndi kulembapo tsiku. Akabweranso napeza kasimentiko katang'ambika, amadziwa kuti khoma likuyendabe.

Pomaliza amakwera kudenga. Amagogoda mitengo kuti amve ngati ciswe kapena anafumbwe adya mkati. Amaona ngati misomali yakhomedwa pamsana pa lata, cifukwa msomali wa m'ngalande ya lata umalowetsa madzi.

N'cifukwa ciyani abwerere ku maphunziro?

Mwina wina angafunse kuti, “Munthu wodziwa zonsezi akaphunziranso ciyani?” Pali zifukwa zitatu.

Coyamba, zipangizo zimasintha. Mmisiri amene anakulira pa nyumba za dothi ndi zidina sadziwa yekha makhalidwe a konkire, amene pa Cipwitikizi amachedwa betão. Konkire wa nyumba amasakaniza muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mcenga, ndi itatu kapena inayi ya miyala yoswa. Anthu ambiri amaganiza kuti konkire amalimba cifukwa ca kuuma ndi dzuwa. Zoona zake n'zakuti simenti imalimba ikamamwa madzi pang'onopang'ono. Conco konkire ndi mabuloko ayenera kuthiriridwa masiku osacepera 7, ndipo mphamvu yake imayesedwa pakatha masiku 28. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene ku Tsangano kumazizira kwambiri, konkire amacedwa kulimba, ndipo matabwa omugwiriziza sayenera kucotsedwa msanga. Masiku ano m'nyumba zambiri mwalowanso mawaya a magetsi ndi magetsi a dzuwa. Waya wolumikizidwa molakwika amawocha nyumba. Woyendera amene sanaphunzire za mawaya adzadutsa pangozi osaiona.

Caciwiri, mphepo ndi madzi zatiphunzitsa zatsopano. M'mwezi wa Malici 2019 mtsinje wa Revúbuè unasefukira ndi kumiza nyumba pafupi ndi mzinda wa Tete, ndipo patapita masiku ocepa mphepo ya mkuntho yochedwa Idai inaononga mzinda wa Beira. M'mwezi wa Januwale 2022 kunabwera mkuntho wina wochedwa Ana, ndipo madzi anadula mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize. Mu 2023 mkuntho wa Freddy unaononga kwambiri ku Zambézia ndi kumwera kwa Malawi.

Amisiri amene amayendera mabwinja pambuyo pa mikuntho amapeza zolakwa zofanana. Mphepo ikamadutsa pamwamba pa nyumba imayamwa denga ndi kulinyamula, ngati mmene imanyamulira cipewa pamutu. Denga la udzu ndi lolemera ndipo mphepo imadutsa pakati pa udzuwo. Malata ndi opepuka ndipo sadutsa mphepo. Conco denga la malata liyenera kumangidwa ngati unyolo. Malata akhomedwe ku mitanda, mitanda imangidwe ku mapaso, ndipo mapaso amangidwe ndi waya wolimba kapena citsulo ku lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma onse. Pa Cipwitikizi lamba ameneyu amachedwa viga de coroamento. Pakasowa mfundo imodzi yokha, denga lonse limauluka. Kusanjika miyala kapena njerwa pamalata sikuthandiza. Mphepo ikakula, miyalayo imagwera anthu.

Amisiri anaonanso kuti denga la mbali zinayi limapirira mphepo koposa la mbali ziwiri. Anaona kuti malata otuluka kwambiri kunja kwa khoma amapatsa mphepo pogwira. Komabe khoma la dothi limafuna mthunzi waukulu kuti mvula isalitsuke. Nanga ticite bwanji? Yankho lake ndi khonde lokhala ndi nsanamira zake ndi denga lakelake, losalumikizidwa ndi denga lalikulu. Mphepo ikacotsa khondelo, nyumba imatsala yofolera. Nzeru yotere woyendera amaipeza pa maphunziro, kenaka amaifikitsa kwa omanga.

Cacitatu, zinthu zina zimene kale zinkayesedwa zabwino zinadziwika kuti n'zoopsa. Nyumba zambiri zakale za boma, masukulu ndi masitolo zinafoleredwa ndi lusalite. Anthu ankaikonda cifukwa siicita dzimbiri ndipo siisokosa mvula ikamagwa. Koma lusalite yakale ili ndi ulusi wa mwala wochedwa amianto. Fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda oopsa, kuphatikizapo khansa, amene amaoneka patapita zaka zambiri. Mu 2010 boma la Moçambique linaletsa amianto. Woyendera wophunzira amadziwa kuti lusalite yakale siyenera kuswedwa, kucekedwa kapena kuboola, ndipo kuti poicotsa amainyowetsa kuti fumbi lisauluke. Wosaphunzira adzalola ana kusewera ndi zidutswa zake.

N'cimodzimodzi ndi zivomezi. Maboma athu ali pafupi ndi cigwa cacikulu ca nyanja ya Niassa, kumene nthaka imagwedezeka nthawi zina. Mu 1989 civomezi cinagwetsa nyumba ku Salima, m'dziko la Malawi. Mu 2006 civomezi cacikulu cinacitika ku Machaze, m'cigawo ca Manica. Mu Disembala 2009 zivomezi zinaononga nyumba zambiri ku Karonga, ndipo mu 2010 boma la Malawi linatulutsa buku la malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Lamba wa konkire uja amathandizanso pano, cifukwa amagwira makoma anayi kuti asapatukane.

Kodi amaphunzira kuti?

Njira yoyamba ndi masukulu a nchito zamanja. Bungwe la boma lochedwa IFPELAC limaphunzitsa omanga, akalipentala ndi amisiri a magetsi, ndipo lili ndi malo ophunzitsira ku Tete. Maphunziro ake ambiri ndi aafupi, kotero munthu amene ali kale pa nchito angapite ndi kubwerako.

Njira yaciwiri ndi malamulo atsopano. Kuyambira mu 2012 boma, mothandizana ndi bungwe la UN-Habitat, linayamba nchito yochedwa Escolas Seguras, ndiko kuti masukulu otetezeka. Amisiri anayendera masukulu oonongeka, najambula mapu osonyeza madera a mphepo yamphamvu, a madzi osefukira ndi a zivomezi. Mu 2021 boma linakhazikitsa malangizo a kamangidwe ka masukulu opirira ngozi zimenezi. Woyendera amene anamaliza maphunziro ake malangizowa asanalembedwe ayenera kuwawerenga ndi kuwaphunzira. Akapanda kutero adzayesa sukulu yatsopano ndi muyeso wakale.

Njira yacitatu ndi kufunsa. Maso okha saona mphamvu ya konkire kapena ya citsulo. Ku Maputo kuli Laboratório de Engenharia de Moçambique, kumene amayesa zipangizo ndi makina. Amaphwanya kacidutswa ka konkire ndi kulemba kulemera kumene kanapirira. Koma si zonse zili m'mabuku ndi m'makina. Agogo a m'mudzi amadziwa kumene mphepo ya mvula yoyamba imacokera. Amadziwa pamene madzi anafika caka ca cigumula, ndi mitengo imene ciswe sicidya. Woyendera wanzeru amakhala nawo pansi ndi kuchera khutu. Paja akuluakulu amati safunsa anadya phula.

Akaphunzira, woyendera amafunika kulimba mtima. Womanga amafuna malipiro ake msanga, ndipo mwini nyumba amafuna kulowa mvula isanagwe. Ngati woyendera asaina cikalata ca sukulu yopanda lamba, kapena alandira kanthu kuti atseke maso, amene adzavutike ndi ana okhala m'kalasimo. Wodziwa cifukwa ca lamulo lililonse amatha kufotokoza bwino, ndipo omanga amamumvera. Mawa omanga omwewo amakamanga nyumba za anthu m'midzi motsata zimene anamva.

Ifenso tingathandize. Mvula isanayambe, tiyeni tiyang'ane nyumba zathu pamodzi ndi makolo. Tione ngalande, ming'alu, njira za ciswe pakhoma ndi misomali yozuka. Tikaona coopsa kusukulu, tiuze aphunzitsi kuti adziwitse a SDPI. Ena mwa inu, atsikana ndi anyamata, mudzakhala oyendera nyumba. Masamu a masentimita 60, 80 ndi 100 ndi poyambira pake.

Mawu a Cipwitikizi

fiscal: woyendera nchito
prumo: cingwe coyesera khoma
betão: konkire
viga de coroamento: lamba wa konkire wa pamwamba pa makoma
amianto: ulusi wa mwala wopezeka mu lusalite yakale

Mafunso

1. Chulani zinthu zinayi zimene woyendera nyumba amayang'ana.
2. Kodi njerwa yopsa bwino timaidziwa bwanji?
3. N'cifukwa ciyani konkire amathiriridwa madzi?
4. Fotokozani mmene denga la malata liyenera kumangidwira.
5. N'cifukwa ciyani sitiyenera kusewera ndi zidutswa za lusalite yakale?
6. Chulani zifukwa zitatu zimene woyendera nyumba amabwererera ku maphunziro.

Nchito

M'magulu a anthu anayi, tengani cingwe ndi lula. Yesani ngodya za kalasi lanu ndi masentimita 60, 80 ndi 100. Thirani mcenga wa kumtsinje ndi madzi m'botolo, khuchumulani, ndipo mawa muyese matope amene akhala pamwamba. Lembani zimene mwapeza m'makope mwanu, poyamba pa Cinyanja, kenaka pa Cipwitikizi.