Manda a Lhanguene, kumene mlendo saletsedwa kulowa

MAPUTO. Ku Angónia, ku Tsangano kapena ku Macanga munthu salowa kumanda popanda chifukwa. Kumeneko ndi kwa adzukulu tsiku la maliro, ndipo nawonso amayamba adziwitsa amfumu. Mu mzinda wa Maputo zinthu n'zosiyana. Manda a Lhanguene, amene ali m'mbali mwa msewu waukulu wa Avenida de Moçambique, ali ndi mpanda ndi chipata, ndipo masana aliyense akhoza kulowamo.

Mandawa anatsegulidwa nthawi ya atsamunda, mzindawu ukadatchedwa Lourenço Marques. Pachipata amayi amagulitsa maluwa, anyamata akudikira ndi zigubu za madzi kuti athandize otsuka ziliza. Anthu amachuluka kwambiri pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira akufa. Kunja kuli phokoso la machapa ndi fumbi, koma munthu akangolowa mkati amapeza bata ndi mthunzi wa mitengo.

Ena amabwera alibe m'bale wogona pamenepo, akungofuna kuona mbiri. Pano panaikidwa anthu oposa 10 a chipani cha ANC amene anaphedwa ku Matola pa 30 Januwale 1981, asilikali a boma la tsankho la South Africa atadumpha malire usiku. Pano pagonanso mayi Ruth First, mtolankhani amene ankagwira ntchito ku Universidade Eduardo Mondlane. Iwo anaphedwa pa 17 Ogasiti 1982 ndi bomba lobisidwa m'kalata. Mtsogoleri wina wa ku South Africa, a Moses Mabhida, anaikidwa pano mu 1986, ndipo mafupa awo anapita kwawo mu 2006. Anthu a m'malire, amene ambiri anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo n'kusiya abale m'manda a dziko la eni, nkhani yotere akuidziwa bwino.

Lhanguene anadzaza, ndiye chifukwa chake kunatsegulidwa manda ena ku Michafutene, m'boma la Marracuene. Choncho amene ali ndi m'bale anamwalira ku Maputo ayambe afunsa kumene anaikidwa, ndipo asunge nambala ya manda pamodzi ndi chaka cha maliro. Popanda zimenezi munthu akhoza kuyenda tsiku lonse pakati pa mitumbira osapeza kanthu.

Chimene a mu mzinda amayamikira pa Lhanguene, kumudzi chilipo kale. M'midzi yambiri nkhalango inatha ndi makala, nkhuni ndi zigafa za fodya, ndipo mitengo ikuluikulu yatsala kumanda kokha chifukwa mwambo umaletsa kuidula. Makolo sanamange mpanda, koma malowo anasungika. Tsiku limene nkhwangwa idzalowe kumeneko, mudzi udzataya mthunzi wotsiriza, ndipo ana adzasowa wowalozera pamene agogo awo anagona.