Kutseketsa galu wamkazi: msinkhu woyenera ndi uti?

M'midzi yambiri ya m'chigawo chino, galu ndi mlonda wosalandira malipiro. Usiku amauwa akuba kapena afisi akayandikira khola la mbuzi, ndipo masana amapirikitsa anyani m'munda wa chimanga. Komabe mlimi amene walera kagalu kakakazi amadzidzimuka tsiku lina poona agalu amphongo achilendo atazungulira nyumba yake, uku akulumana. Pakatha masiku pafupifupi 63 galu uja amaswa, ndipo banja lomwe likuvutika kale kupeza ufa limayenera kudyetsanso tiana 5 kapena 6.

Njira yodalirika yopewera zimenezi ndi kutseketsa galuyo. Dokotala wa ziweto amam'gonetsa ndi mankhwala, n'kuchotsa chiberekero ndi timatumba ta mazira. Funso limene alimi amafunsa kawirikawiri ndi lakuti: kodi achite zimenezi galu ali ndi miyezi ingati?

Galu wamkazi amayamba kufuna mphongo ali ndi miyezi ya pakati pa 6 ndi 12, ndipo agalu a mitundu ikuluikulu amachedwerapo. Nyengoyi imatha masabata awiri kapena atatu, ndipo kwa agalu ambiri imabwera kawiri pa chaka. Zizindikiro zake ndi kutupa kwa kumaliseche ndi kudontha magazi pang'ono.

Kutseka galu asanalowe m'nyengo yoyambayi kuli ndi ubwino wake. Kafukufuku wa mu 1969 ku California anapeza kuti galu wotsekedwa msanga chotero sadwala kawirikawiri zotupa za m'mawere, ndipo chitetezocho chimachepa akatsekedwa nyengo yoyamba kapena yachiwiri itadutsa. Akatswiri a ku Royal Veterinary College ku London ataunikanso nkhaniyi mu 2012 anati umboni wake si wamphamvu monga ankaganizira kale. Chosakayikitsa n'chakuti galu wochotsedwa chiberekero amapewa matenda odzaza mafinya m'chiberekero, omwe amapha ngati sanachitidwe opaleshoni msanga. Ku Sweden, kafukufuku wa mu 2001 anasonyeza kuti pafupifupi galu mmodzi mwa anayi osatsekedwa amadwala nthendayi asanakwane zaka 10.

Kufulumira nako kuli ndi mavuto ake. Timatumba ta mazira timathandiza kuti mafupa akule ndi kukhwima pa nthawi yake. Mu 2013 akatswiri a ku University of California, Davis anayamba kufalitsa zotsatira zosonyeza kuti agalu ena akuluakulu otsekedwa asanakwane chaka amavutika kwambiri ndi mfundo za mafupa a m'miyendo. Mu 2020 anaunika mitundu 35 ya agalu, ndipo anapeza kuti vutoli silioneka kwenikweni mwa agalu ang'onoang'ono. Agalu ena otsekedwa, makamaka akuluakulu, amayambanso kudontha mkodzo akamakula, koma vutoli lili ndi mankhwala.

Pa chifukwa chimenechi, malangizo a mu 2019 a bungwe la American Animal Hospital Association anagawa agalu pawiri. Amene sadzapitirira makilogalamu 20 akadzakula, atsekedwe ali ndi miyezi 5 kapena 6. Olemera kuposa apo, atsekedwe pakati pa miyezi 5 ndi 15, malinga ndi mtundu wake komanso kasungidwe kake.

Kasungidwe ndiye nkhani yaikulu kumudzi. Mwini Boerboel kapena Rottweiler amene ali ndi mpanda wolimba akhoza kudikira kuti galu wake akhwime mafupa. Galu wa m'mudzi, amene nthawi zambiri ndi wa thupi lapakatikati ndipo amayenda momasuka, amatenga bere nyengo yoyamba yomweyo. Pokweredwa akhozanso kutenga chotupa chopatsirana cha kumaliseche, chomwe n'chofala mwa agalu oyendayenda. Kwa galu wotere, kutseketsa ali ndi miyezi 5 kapena 6 ndi nzeru.

Nkhaniyi ikukhudzanso moyo wa anthu. Bungwe la World Health Organization limayerekeza kuti chiwewe chimapha anthu 59,000 pa chaka, pafupifupi onse m'maiko a mu Africa ndi Asia, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Kuti matendawa asiye kufala, agalu 70 mwa 100 alionse ayenera kubayidwa katemera. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linatemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre. Koma agalu akamaswana mosalekeza, tiana tosatemera timachuluka ndipo chiwerengero cha otetezedwa chimatsika msanga. Kutseka kumathandiza, ngakhale sikulowa m'malo mwa katemera, amene galu ayenera kulandira ali ndi miyezi itatu.

Alangizi akumbutse alimi kuti galu amene akufuna mphongo asatsekedwe nthawi yomweyo, chifukwa amataya magazi ambiri. Ndi bwino kudikira miyezi iwiri kapena itatu. Woyamwitsa adikire kufikira ana ataleka kuyamwa ndipo mkaka wauma. Opaleshoni ikachitika, galu asungidwe pamalo pouma ndi paukhondo kwa masiku 10 mpaka 14, asanyambite bala, ndipo likatupa kapena kutuluka mafinya apite naye kwa dokotala. Anthu ena amakhulupirira kuti galu ayenera kuswa kamodzi asanatsekedwe, koma palibe phindu limene thupi lake limapeza potero. Ulonda sausiyanso, kungoti amanenepa msanga ngati akudyetsedwa mopitirira.

Chofunika ndi kudziwa msinkhu wa galu. Mlimi alembe mwezi umene kagalu kabadwa, ndipo pa tsiku la katemera woyamba afunse mlangizi wa ziweto kumene opaleshoniyi imachitikira ndi mtengo wake. Akatero amakhala ndi miyezi iwiri kapena itatu yokonzekera ndalama ndi ulendo, agalu amphongo asanafike pakhomo.