Kompyuta yolankhula m'kalasi la zinenero ziwiri: zimene mphunzitsi wa ku Niassa ayenera kudziwa

Kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri kunayamba kuyesedwa ku Mozambique pakati pa 1993 ndi 1997, m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo mu 2003 kunafalikira m'zigawo zina. Mu 1998 boma linali litakhazikitsanso mfundo yakuti ana olumala aziphunzira pamodzi ndi anzawo. Choncho mphunzitsi wa ku Lichinga, ku Metangula kapena ku Mecanhelas angathe kulandira mwana wosaona amene chinenero chake ndi Chinyanja pomwe kompyuta ya pasukulu imalankhula Chipwitikizi. Kompyutayo ingamuthandize kwambiri, koma zimadalira mmene anthu oona akonzera zolembedwazo ndi mmene akusamalira makinawo.

Pulogalamu yowerenga sikirini

Munthu wosaona sagwiritsa ntchito mausi. Amayenda ndi kiyibodi, ndipo pulogalamu yapadera imamuuza mokweza zimene zili pamalo pomwe wafika. Pulogalamu ya JAWS ndi yogula. Ya NVDA ndi yaulere, ndipo inayamba mu 2006 ku Australia ndi Michael Curran, amene anagwirizana ndi James Teh. Onsewa ndi osaona. Windows ili ndi yakeyake yotchedwa Narrator, yomwe imayaka podina Ctrl, Windows ndi Enter pamodzi. Pa mafoni a Android pali TalkBack.

Phunziro loyamba ndi la zala. Pa mabatani a F ndi J pali timizere totukuka, ndipo mpamene zala zolozera zimakhala. Batani lalikulu la NVDA ndi Insert. Kudina Insert ndi 1 kumachititsa kuti batani lililonse lizingotchula dzina lake osachita kanthu, motero mwana amafufuza kiyibodi yonse popanda mantha owononga. Akazolowera, aphunzire awa:

Ctrl, Alt ndi N: kuyatsa NVDA.
Ctrl payekha: kuikhalitsa chete.
Insert ndi T: kumva dzina la pulogalamu kapena fayilo yomwe yatsegulidwa.
Insert ndi muvi woloza pansi: kuwerenga zonse mpaka kumapeto, pa kompyuta ya patebulo.
Alt ndi Tab: kuchoka pa pulogalamu ina kupita pa ina.
H: kudumphira pa mutu wotsatira pa tsamba la intaneti. Mu Word zimatheka mwana akayamba wadina Insert ndi batani lalitali lodumphitsa mawu.

Batani la H limagwira ntchito pokhapokha wolemba ataika mitu kudzera mu Estilos. Mutu wongokuzidwa zilembo ndi kudetsedwa umaoneka bwino m'maso, koma pulogalamu imauona ngati mzere wamba. Zikatero mwana amamvetsera masamba 10 onse pofuna funso limodzi lomwe anzake alipeza pongoponya diso. Chithunzi cha tsamba la buku chotumizidwa pa WhatsApp nachonso sichiwerengeka mwachindunji. Ntchito ya mwana wosaona ikhale yotaipidwa.

Liwu la Chipwitikizi likakumana ndi Chinyanja

Apa mpamene pali vuto lenileni la aphunzitsi a zinenero ziwiri. Liwu la kompyuta limatsata malamulo a katchulidwe a chinenero chake. M'Chipwitikizi, c wotsatidwa ndi i amamveka ngati s, ndipo wotsatidwa ndi a amamveka ngati k. Mabuku a ku Mozambique amalemba Cinyanja ndi cakudya, koma mwana amva sinyanja ndi kakudya. Chilembo s chikakhala pakati pa mavawelo awiri chimasanduka z, motero masamu amakhala mazamu. O wakumapeto amapendekera ku u. Mwana wamkulu amaseka n'kupitirira. Mwana amene akuphunzira kumene kugwirizanitsa chilembo ndi liwu amasokonezeka, chifukwa zimene khutu lake likumva zikutsutsana ndi zimene mphunzitsi wanena.

Pali njira zitatu zochepetsera vutoli. Yoyamba ndi kuuza Word chinenero cha ndime iliyonse, kudzera pa Rever ndi Idioma. NVDA imatha kusintha liwu yokha ikapeza chizindikiro chimenechi. Yachiwiri ndi kuyesa liwu la Chiswahili lomwe lili mu eSpeak, pulogalamu ya mawu yobwera pamodzi ndi NVDA. Chiswahili chili ndi mavawelo asanu monga Chinyanja, ndipo ny ndi ng' amalembedwa mofanana. Yachitatu ndi dikishonale ya katchulidwe ya NVDA, momwe mphunzitsi amalemba liwu lovuta ndi mmene liyenera kumvekera. Ndi bwino kuyamba ndi maina a ana a m'kalasi ndi mawu a phunziro la sabata imeneyo. Pophunzira kalembedwe, mwana ayende ndi muvi woloza kumanja kuti amve chilembo chimodzichimodzi. Zonsezi sizilowa m'malo mwa Braille, yomwe imam'patsa kalembedwe m'zala zake.

Kusamalira makina

Kwa munthu wosaona, kompyuta yopanda mawu ili ngati yozima. Wina akatsitsa mawu mpaka kutheratu n'kuchoka, mwanayo sangadziwe ngati makina ayaka. Lamulo la chipinda cha makompyuta likhale lakuti mawu asiyidwe momwe anapezeka, ndipo mahedifoni akhale ndi malo amodzi. Mafayilo ndi mafoda a mwanayo asasunthidwe iye osauzidwa, popeza amaloweza njira monga aloweza ya kuchitsime. Maina akhale omveka: Masamu sabata 3 m'malo mwa Documento1.

Fumbi la m'chilimwe limalowa pansi pa mabatani, ndipo batani limodzi lokanirira lingatseke njira yonse. Kiyibodi ifundidwe nsalu ikaweruka ntchito, ndipo aziigwedeza chozondoka makina atazimitsidwa. M'nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayamba, mapulagi azulidwe. Pa laputopu, kudina Insert, Shift ndi B kumanena moto wotsala m'batire, ndipo Ctrl ndi S pafupipafupi kumapulumutsa ntchito magetsi akathima. Mafulashi oyendayenda amanyamula mavairasi, choncho ayesedwe asanatsegulidwe. Izi n'zofunika kwambiri pa makina a Windows 10, omwe Microsoft inasiya kuwathandiza pa 14 Okutobala 2025.

NVDA imatheka kuikidwa pa fulashi pamodzi ndi liwu, liwiro ndi dikishonale zimene mwana wazolowera. Makina a pasukulu akawonongeka, kapena mwana akapita kusekondale, amatenga fulashiyo n'kupitiriza pa kompyuta ina ya Windows. Aphunzitsi ofuna uphungu wina angafunse bungwe la anthu osaona la ACAMO, kapena likulu la maphunziro ophatikiza ana onse la ku Nampula lomwe limatumikira zigawo za kumpoto.