Kutsika Mtsetse pa Njinga Yam'mapiri

Kumadzulo kwa Iponga, m'boma la Karonga, chigwa cha mpunga chimathera m'tsinde mwa mapiri, ndipo tinjira totsika kumeneko timayesa luso la wapanjinga aliyense.

Njinga yam'mapiri yotchedwa hardtail ili ndi masipuling'i kutsogolo kokha. Mwala umene gudumu lakumbuyo laponda umamvekera m'msana mwa wokwera. Chotero wanzeru sakhala pachishalo potsika. Amaimirira pamapedulo, maondo ndi zigongono atapinda, thupi atalikokera m'mbuyo pang'ono, kuti miyendo igwire nchito ya masipuling'i. Mabuleki amagwira onse aŵiri, mofatsa, asanafike pokhota. Wofinya buleki yakutsogolo yokha modzidzimutsa amauluka pamwamba pa mahandulo nakagwa chamutu.

Wophunzira akafika pamtsetse womuposa, atsike n'kuikankha, pakuti kuthamanga sikufika.