Nyumba yogulidwa pa ngongole ku South Africa: banki siingalande mwachisawawa

Mwina muli ndi mwana, mchimwene kapena mlongo amene akugwira ntchito ku Johannesburg, Pretoria kapena Durban. Mwina iyeyo anagula nyumba kumeneko ndi ngongole ya kubanki. Ntchito ikatha kapena matenda akabwera, ndalama zobweza mwezi ndi mwezi zimavuta. Kodi pamenepo banki ingangobwera n'kutenga nyumba? Malamulo a ku South Africa pa nkhani imeneyi asintha kwambiri kuyambira 2004. Werengani pang'onopang'ono, ndipo mukawauze abale anu.

Kodi ngongole ya nyumba imayenda bwanji?

Banki imakupatsani ndalama zogulira nyumba. Inu mumabweza pang'onopang'ono, kawirikawiri kwa zaka 20, pamodzi ndi chiwongoladzanja. Nyumbayo imakhala chikole. Pa Chipwitikizi chikole chotere amati hipoteca. Mukalephera kubweza, banki ingapite kukhoti kukapempha kuti nyumbayo igulitsidwe pa okushoni, imene kuno timati leilão. Ndalama zake zimapita kukabweza ngongole.

Kale zinali zowawa

Kale kalaliki wa kukhoti ankatha kusaina chikalata cholola kuti nyumba igulitsidwe. Woweruza sankaona n'komwe nkhaniyo. Panalibe wofunsa kuti banjalo likagona kuti.

M'tauni yaing'ono ya Prince Albert, amayi awiri osauka anataya nyumba zimene anapeza ndi thandizo la boma. Mmodzi anabwereka R250. Winayo anatenga ndiwo zamasamba pa ngongole ya R190. Ngongolezi sizinali za kubanki, koma nyumba zawo zinagulitsidwa, ina R5 000, ina R1 000.

Nkhani yawo inafika ku khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko. Mu 2004, pa mlandu wodziwika ndi dzina loti Jaftha, khotilo linati zimenezi n'zosemphana ndi gawo 26 la malamulo aakulu a dzikolo. Gawo limeneli limati aliyense ali ndi ufulu wopeza pokhala poyenera. Limatinso munthu asachotsedwe m'nyumba yake popanda chigamulo cha khoti. Woweruza Yvonne Mokgoro ndi amene analemba chigamulocho. Kuyambira pamenepo, woweruza ayenera kuona kaye nkhani yonse nyumba isanagulitsidwe.

Mu 2011, pa mlandu wa Gundwana, khoti lomwelo linati mfundo imeneyi ikhudzenso nyumba zogulidwa pa ngongole ya kubanki. Kalaliki alibenso mphamvu yolamula kuti nyumba imene munthu akukhalamo igulitsidwe. Wolamula ndi woweruza yekha.

Kalata iyambe yafika

Lamulo la ngongole lotchedwa National Credit Act linakhazikitsidwa mu 2005, ndipo linayamba kugwira ntchito mokwanira mu June 2007. Gawo 129 la lamuloli limati banki iyambe yakulemberani kalata isanapite kukhoti. Kalatayo ikuuzeni kuti mwatsalira pobweza. Ikuuzeninso kuti mungapite kwa mlangizi wa za ngongole, kapena kwa ena othandiza kuthetsa mikangano, kuti mugwirizane njira yobwezera.

Banki siingakusumireni ngati simunathe masiku 20 ogwira ntchito muli otsalira. Iyeneranso kudikira masiku 10 ogwira ntchito kuchokera pamene yatumiza kalatayo. Mu 2012, pa mlandu wa Sebola, khoti linati kungoponya kalata sikokwanira. Banki ionetse kuti kalatayo inafikadi ku positi ofesi ya kwanu.

Apa pali phunziro. Mukasamuka, dziwitsani banki keyala yanu yatsopano. Mukalandira kapepala koti mukatenge kalata ku positi ofesi, pitani mukatenge. Mukakana dala kukatenga, khoti lingaone ngati banki inachita mbali yake.

Mungapulumutse nyumba polipira zotsalira

Anthu ambiri amaganiza kuti banki ikasuma, ayenera kubweza ngongole yonse nthawi imodzi. Mu 2016, pa mlandu wa Nkata, khoti linamasulira lamuloli mokomera wobwereka. Mukalipira ndalama zonse zimene munatsalira, pamodzi ndi zolipiritsa zololedwa ndi lamulo, mgwirizano wanu ndi banki umabwerera mwakale. Mumapitiriza kubweza mwezi ndi mwezi monga poyamba. Koma chitani zimenezi nyumba isanagulitsidwe. Ikagulitsidwa, mwayi umenewu watha.

Mtengo wotsikitsitsa

Panali vuto linanso. Pa okushoni nyumba inkagulitsidwa kwa amene watchula ndalama zambiri, ngakhale ndalamazo zikhale zochepa bwanji. Taonani chitsanzo ichi. Tinene kuti nyumba yanu ndi ya R500 000, ndipo ngongole yatsala R300 000. Ikagulitsidwa R50 000, mwataya nyumba, koma muli ndi ngongolebe ya R250 000. Ikagulitsidwa R450 000, banki imatenga zake, ndipo zotsala zimabwera kwa inu akachotsapo zolipirira mlandu.

Mu December 2017 makhoti anayamba kutsata lamulo latsopano lotchedwa Rule 46A. Lamuloli limapatsa woweruza mphamvu yoika mtengo wotsikitsitsa, woti nyumba isagulitsidwe pansi pake. Woweruza amaona mtengo weniweni wa nyumbayo, ngongole imene yatsala, ndi misonkho ya kukhonsolo imene sinalipidwe. Amafunsanso ngati pali njira ina yobwezera ngongoleyo popanda kugulitsa nyumba. Mwini nyumba ayenera kupatsidwa zikalata za mlandu kuti akadziyankhulire.

Lamulo silikufafaniza ngongole. Paja akuluakulu amati mlandu suwola. Ngati palibe njira ina, woweruza angalole ndithu kuti nyumba igulitsidwe. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano mumapatsidwa mpata wolankhula.

Nanga kuno ku Mozambique?

Kuno malamulo ndi ena, ndipo musawasakanize. Malamulo aakulu a dziko lino amati nthaka ndi ya Boma. Siigulitsidwa, ndipo siingakhale chikole cha ngongole. Lamulo la nthaka la 1997 limanenanso chimodzimodzi. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito nthaka, umene timati DUAT. Koma nyumba imene mwamanga movomerezeka pa nthakayo ingakhale chikole. Choncho ngakhale ku Tete, ku Ulongwe kapena ku Lichinga, munthu angataye nyumba chifukwa cha ngongole. Musanasaine chikalata chilichonse, pemphani kuti akuwerengereni ndi kukumasulirani m'chinenero chimene mukumva. Ngati mulibe ndalama zolipira loya, pitani ku IPAJ, ofesi ya boma yothandiza anthu osauka pa milandu. Madandaulo okhudza banki mungawapereke ku banki yomweyo, ndipo mukapanda kukhutira, ku Banco de Moçambique.

Zimene mungawauze abale anu

Choyamba, asathawe banki. Akaona kuti mwezi uno sakwanitsa, apite okha akakambirane ngongole isanakule.

Chachiwiri, asunge kalata iliyonse ndi risiti iliyonse. Chimene agwirizana ndi banki chilembedwe papepala.

Chachitatu, akalandira samani asaibise pansi pa mphasa. Apite kukhoti pa tsiku lake, akafotokoze za ana, okalamba kapena odwala amene akukhala m'nyumbamo. Apemphenso woweruza kuti aike mtengo wotsikitsitsa. Bungwe la Legal Aid South Africa limathandiza anthu amene sangathe kulipira loya.

Chachinayi, achenjere ndi anthu obwera ndi mawu okoma, onena kuti awalipirira ngongole akangosaina pepala. Ena asainira mapepala otere osadziwa kuti akugulitsa nyumba yawo.

Paja safunsa anadya phula. Mukaimba foni ku South Africa sabata ino, funsani m'bale wanu ngati akubweza bwino ngongole ya nyumba. Ngati watsalira, muwerengereni tsamba lino.