Kachubu ka m'mphuno ndi mbale ya wodwala

Pa ntchito yanga yoona za kadyedwe ka odwala, pali mawu amene ndawamva kosawerengeka kuchokera kwa magadiyani a ku Mitundu, ku Nathenje ndi midzi yozungulira: "Adokotala, chubu ayi, mungomuika dilipi." Mantha awo ndimawamvetsa. Anaonapo munthu ataikidwa kachubu m'mphuno, patangopita masiku awiri kunali maliro. Koma chinamupha ndi matenda. Kachubuka timaika kwa odwala kwambiri, ndipo nthawi zina achibale amavomera mochedwa, thupi litatha kale.

Tiyambe ndi dilipi imene ambiri amaikhulupirira. Botolo limene mumaliona likudontha pambali pa bedi kawirikawiri limakhala la madzi a mchere. Lina limakhala la shuga wa 5 peresenti, ndipo m'lita yathunthu mumangokhala magalamu 50 a shuga, mulibe mafuta kapena zomanga thupi. Dilipi imapulumutsa munthu amene watha madzi m'thupi, monga wodwala kolera, koma siilowa m'malo mwa nsima. Kwa mwana wotupikana chifukwa cha kunyentchera, madzi a m'mitsempha akachuluka amalemetsa mtima wake wofooka. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la World Health Organization satilola kumuika dilipi pokhapokha ngati magazi ake asiya kuyenda bwino.

Chakudya chenicheni chodzera m'mitsempha chiliko, chosakaniza shuga, mafuta, zomanga thupi ndi mavitamini. Ndi cha munthu amene matumbo ake sakugwira ntchito, mwachitsanzo akatsekeka. Ndi chodula, chimafuna kuyeza magazi pafupipafupi, komanso majeremusi angathe kulowera pamtsemphapo, choncho sichiperekedwa pa chipatala chaching'ono. Lamulo limene timatsata, lochokera ku kafukufuku wa zaka zambiri, ndi lakuti ngati matumbo akugwira ntchito, chakudya chidzere m'mimba.

Apa ndi pamene kachubu kamathandiza. Taganizirani khanda lobadwa masiku asanakwane limene silingathe kuyamwa, kapena agogo amene afa ziwalo ndi sitiroko moti akamwa phala amatsamwa, phalalo n'kulowa m'mapapo ndi kuyambitsa chibayo. Timayeza kutalika kwa kachubu kuchokera pamphuno kufika pakhutu, n'kutsika mpaka pachifuwa m'munsi. Tikakalowetsa timayamba tatsimikiza kuti kafikadi m'mimba, kenako timadyetsa wodwalayo mutu uli pamwamba. Kwa khanda lija, m'kachubumo mumadutsa mkaka wa amayi ake omwe, wofinyidwa m'kapu yoyera.

Mwana wonyentchera kwambiri timayamba kumupatsa mkaka wotchedwa F-75, pang'onopang'ono, maola awiri kapena atatu aliwonse, usana ndi usiku. Akamalephera kumwa magawo 80 pa 100 a mkaka umene tamuyezera, timaika kachubu. Amayi ena amadandaula kuti tikumumana mwana. Sitimana ayi. Thupi limene lakhala nthawi yaitali ndi njala likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, michere monga potaziyamu imatsika m'magazi ndipo mtima ukhoza kuima. Mwana akayamba kumaliza yekha mkaka wake timachotsa kachubuko, n'kupita ku mkaka wa F-100 kapena chiponde, chimene amakamalizira kudya kunyumba.

M'miyezi ya njala nkhokwe zimakhala zitapepuka ndipo ana otupikana amachuluka. Pempho langa kwa inu amayi, abambo ndi agogo ndi ili: namwino akatchula kachubu, kaya pa chipatala cha Mitundu, cha Nathenje kapena mutatumizidwa ku Kamuzu Central, musanyamule wodwala n'kuthawa naye usiku. Funsani kuti kaikidwa chifukwa chiyani, mudutsa chiyani, kachotsedwa liti. Ndi ufulu wanu, ndipo ife tiyenera kukuyankhani mpaka mutakhutira. Musathiremo phala kapena mankhwala azitsamba panokha, ndipo wodwala akayamba kutsokomola kapena kubanika pamene akudyetsedwa, imitsani ndi kuitana namwino msanga.

Ndaona ana ambiri amene anafika ali lefu, osatha kumeza ngakhale malovu, akutuluka m'chipatala paketi ya chiponde ili m'manja. Amayi awo anavomera kachubu nthawi idakalipo.